Lipoti la kukonza retabulo yosema ya m'tchalitchi cha parishi: zimene tinapeza, zimene tinachita, ndi zimene tinasiya dala

Kalata yondiitana inali yaifupi. Bambo Mfumu analemba kuti golide akuthothoka pa chovala cha Amayi Maria, ndipo amene amasesa m'tchalitchi akumapeza ufa wa mtengo pa nsalu ya guwa lakale pafupifupi m'mawa uliwonse. Pempho lawo linali lakuti tibwere tidzapakenso zonse, ziwale ngati zatsopano, phwando la nkhoswe ya parishi lisanafike. Ntchito yanga ndi yokonza zosema zamatabwa zopakidwa utoto, ndipo pa zaka zonse zimene ndaigwira, mawu akuti kupakanso amandiopsa kuposa tizilombo. Tizilombo timadya pang'onopang'ono. Munthu wa burashi ndi chitini cha penti amamaliza zonse masana amodzi.

Sinditchula parishiyo kapena munthu aliyense. Zina mwa zolakwika zimene zili m'lipotili anachita ndi anthu a mtima wabwino amene akadali moyo, ndipo chimodzi ndinachita ndine.

Chinthu chake

Amisiri timachitcha retabulo, mawu ochokera ku Chilatini onena chimene chili kumbuyo kwa tebulo. Si guwa lenilenilo. Guwa ndi tebulo la nsembe ya Misa, pamene retabulo ndi chimango cha zithunzi kapena ziboliboli chimene chimaimikidwa chakumbuyo kwake, moyang'ana anthu.

Iyi inapangidwa ngati kabati yaikulu ya zitseko ziwiri, zimene timazitcha mapiko. M'bokosi lapakati muli ziboliboli zitatu zotalika kupitirira pang'ono mita imodzi: Maria atanyamula Mwana ndi kuponda mwezi, Katarina Woyera ndi gudumu lake lothyoka, ndi Barbara Woyera atafungata kansanja. M'kati mwa mapiko muli zosema zosazama zinayi: mngelo kwa Maria, kubadwa kwa Yesu, anzeru a kum'mawa, ndi kugona kwa Maria pakati pa atumwi. Pansi pa zonsezi pali kabokosi kaatali m'mbali kotchedwa predella, kokhala ndi atumwi osemedwa kuyambira m'chiuno kukwera. Tinawawerenga tinapeza khumi. Pakati, pamene panali Khristu ndi atumwi awiri oyandikana naye, munthu wina kalekale anadula ndi sowo n'kulowetsapo tabenakulo. Mano a sowoyo akuonekabe m'mbali mwa thabwa. Izi sizachilendo. Mwambo woika tabenakulo pa guwa lalikulu unafala pambuyo pa Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent, ndipo Carlo Borromeo, arkiepiskopi wa ku Milan, anaulimbikitsa kwambiri m'malangizo ake omangira matchalitchi a ku Milan mu 1577. Ma predella ambiri anavulala choncho.

Kasemedwe ka makwinya a zovala, zida zimene zinasiya zipsera kumbuyo kwa ziboliboli, ndi mitundu ya utoto wapansi, zonse zikuloza ku zaka zoyandikira 1500. Bokosilo ndi la matabwa a spruce, ziboliboli ndi za linden. Linden ndi mtengo wofewa, wopanda mizere yolimba, umene umalola tchizulo kupita mbali iliyonse, ndipo n'chifukwa chake osema a kumwera kwa Germany ankaukonda, pamene anzawo a ku Antwerp ndi Brussels ankasema oak. Chiboliboli chilichonse chinachokera ku chipika chimodzi, n'kugobedwa kumbuyo ngati mtondo. Sikunali kupeputsa chabe. Chipika chathunthu chikamauma chimang'ambika kuchokera pamtima, ndipo wosema wanzeru amachotseratu mtimawo.

Chimene diso limaona pa chosema chotere si mtengo. Pamtengo anayamba apaka guluu wa zikopa za nyama, m'malumikiziro n'kumatamo tinsalu. Kenako choko chosakaniza ndi guluu, kupaka kangapo, kupala, kusalaza. Pamene pafunika golide anapakapo dongo lofiira losalala, n'kuyalapo timapepala ta golide topyapyala kwambiri moti mpweya wa m'mphuno umatiulutsa, n'kutikwecha ndi mwala wa agate kapena dzino la nyama mpaka kunyezimira. M'kati mwa mwinjiro wa Maria anapakamo azurite, mwala wobiriwira ngati thambo wosinjidwa mwamisere ndi kumatidwa ndi guluu wochepa, kuti uoneke wakuya, wosanyezimira. Vuto lonse la ntchito yathu lagona pamenepa: mtengo umatupa ukamwa chinyezi ndipo umafota ukauma, makamaka m'mimba mwake, koma choko cha pamwamba sichitsatira. Mtengo ukafota, choko chimatsala chilibe pokhala, chimatukuka ngati kadenga, kenako n'kugwa.

Chinapangidwira chiyani

Sindingakonze chinthu chimene sindikudziwa ntchito yake, choncho gawo ili ndimalilemba m'lipoti lililonse ngakhale ena amati n'lotaya nthawi.

Nthawi imene retabulo zoterezi zinkapangidwa, wansembe ankachita Misa atayang'ana mbali imodzi ndi anthu. Msonkhano wachinayi wa Lateran mu 1215 unatsimikiza chiphunzitso chakuti mkate ndi vinyo zimasandulika Thupi ndi Magazi a Khristu, ndipo m'zaka zomwezo mwambo wokweza Ukaristia kuti anthu auone unakhazikika. Wansembe akakweza manja, kumbuyo kwa kamkate koyerako kunkaoneka golide wa retabulo, ndipo pamwamba pake penipeni Mwana ali m'manja mwa mayi ake. Wosema ankadziwa zimenezi. Pa retabulo yathu, ukaima pakati pa tchalitchi, Mwanayo amakhala pamzere umodzi ndi pakati pa guwa lakale. Thupi la m'chosema ndi Thupi la m'manja mwa wansembe zinkawerengedwa pamodzi.

Za mlandu wakuti Akatolika amapembedza mafano, Mpingo unayankha kalekale. Cha m'chaka cha 600 Papa Gregory Wamkulu analembera Serenus, episkopi wa ku Marseille amene ankaphwanya zithunzi, kuti chithunzi kwa wosadziwa kuwerenga chili ngati malemba kwa wodziwa. Msonkhano wachiwiri wa Nicaea mu 787 unaphunzitsa kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapitirira kukafika kwa mwini chithunzicho, ndipo Trent inabwereza zomwezo mu 1563. Sikuti onse anamva: mu 1566 matchalitchi ambiri a ku Netherlands anaswedwa ziboliboli zake. Chodabwitsa n'chakuti retabulo zambiri zakale zinapulumukira m'matchalitchi a Lutheran, ku Germany ndi ku Sweden, pamene m'matchalitchi ambiri a Katolika zinachotsedwa ndi eni ake kuti alowetse maguwa atsopano a Baroque, kamangidwe kokongoletsa kwambiri kamene kanabwera pambuyo pake.

Koma chimene anthu ambiri amaiwala, ngakhale ansembe, ndi mapiko. Retabulo yamapiko sinapangidwe kuti izioneka chimodzimodzi chaka chonse. Masiku wamba inkakhala yotseka, anthu n'kumaona kunja kwake kosawala. Pa zikondwerero zikuluzikulu ankaitsekula, golide n'kubuka. Ku Nuremberg, ku Germany, kudakali mabuku a ntchito za osamalira tchalitchi, la ku St. Sebald la 1482 ndi la ku St. Lorenz la 1493, ndipo mwa zina analembamo masiku otsekula maguwa. Inali kalendala yamatabwa. Munthu wosadziwa chilembo n'chimodzi chomwe, akangolowa pakhomo, ankadziwa kuti lero ndi tsiku lalikulu.

Amene anafika ku Kraków, ku Poland, amadziwa mphamvu yake. Retabulo imene Veit Stoss anasema m'tchalitchi cha Maria Woyera kuyambira 1477 mpaka 1489 ndi yotalika mamita 13, ndipo ikatsekulidwa imatambasuka mamita 11, atumwi ena apakati n'kufika mamita 2.7. Inalandidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kukabisidwa pansi pa nyumba yachifumu ku Nuremberg, kubwezedwa mu 1946, n'kuimikidwanso m'tchalitchi chake mu 1957. Itakumana ndi zonsezo imatsekulidwabe, ndipo anthu amadzaza kudikira mphindi imeneyo chakumasana. Ku Rothenburg, ku Germany, m'guwa la Magazi Oyera limene Tilman Riemenschneider anamaliza cha mu 1505, amene waima pakati pa Mgonero si Yesu koma Yudasi, ndipo chiboliboli chakecho chimatheka kuchichotsa. Zinthu izi zinasemedwa kuti zizisuntha.

Zimene tinapeza

Sabata yoyamba sitinakonze kanthu. Tinamanga masitepe, tinajambula paliponse ndi kuwala wamba, kuwala kolambalala m'mbali, ndi ultraviolet. Tinaika timakina tiwiri toyeza kutentha ndi chinyezi, kena m'bokosi, kena kumbuyo kwa retabulo. Ziboliboli zitatu zija tinazijambula ndi X-ray, ndipo tinatenga tizidutswa ta utoto tating'ono ngati kambewu ka mpiru kuti tikaone mizere yake pa maikulosikopu.

Choyamba, mapiko anali omangidwa. Wina anawatambasula, n'kuwakhomera kukhoma ndi zitsulo ziwiri ndi masikuluu aataliatali olowa m'chimango. Nditalowetsa tochi kumbuyo ndinaona nkhope. Kunja kwa mapiko kuli zithunzi zinayi zojambulidwa za masautso a Ambuye: m'munda wa Getsemane, kukwapulidwa, kusenza mtanda, ndi kupachikidwa. Bambo Mfumu anali asanazionepo. Mkulu wina amene wasamalira tchalitchichi nthawi yaitali anandiuza kuti ali mnyamata wotumikira pa Misa, ankathandiza kuwatseka nthawi ya Lenti, koma phiko la kumanzere litayamba kulendewera akuluakulu anaopa kuti lidzagwera munthu. Sanalakwe kuopa. Hinjesi yapamwamba inali itasomphoka, chifukwa thabwa limene inagwiramo linali lofumbwa.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chinali kuthothola golide, ndi makina otenthetsa tchalitchi. Amapopa mpweya wotentha, ndipo kamwa lake lina lili pansi, masitepe ochepa kuchokera pa guwa lakale. Ankawayatsa mwamphamvu Loweruka madzulo n'kuwazimitsa Lamulungu Misa yomaliza itatha. Pa pepala la timakina tathu, m'nyengo yozizira chinyezi chinkatsika sabata iliyonse ngati munthu wagwera m'dzenje, n'kukweranso Lachiwiri. Ndiye kuti mtengo unkafota ndi kutupa sabata ndi sabata, chaka ndi chaka. Mapu a malo othothoka anagwirizana ndendende ndi njira ya mpweyawo: Katarina, amene ali mbali ya kamwalo, anavulala kwambiri, Barbara pang'ono. Walira mvula walira matope. Anthu anafuna kupemphera asakunjenjemera, ndipo sindingawadzudzule, koma mtengo wake analipira ndi Katarina.

Chachitatu, tizilombo. Timabowo tinali tozungulira, ta milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo ufa wake ukaupekesa pa zala umamveka ngati mchenga wosalala. Ndi Anobium punctatum, kafumbwe wa mipando. Kachilombo kamene anthu amakaona si kamene kamadya. Zimadya ndi mphutsi zake, zimene zimakhala m'kati zaka zingapo zisanatuluke, ndipo bowo limene ukuliona ndi khomo lotulukira, osati lolowera. Mabowo akale amakhala akuda m'kamwa, atsopano amayera. Atsopano tinawapeza mu predella ndi m'munsi mwa bokosi, mbali ya khoma lonyowa, komanso pansi pa malo amene amaikapo miphika ya maluwa. Madzi otayika pothirira maluwa kwa zaka zambiri anafewetsa thabwa, tizilombo n'kupeza pabwino. Tsinde la chiboliboli cha Barbara linali ngati chinkhupule: kunja chikopa chabwinobwino, m'kati ufa wokhawokha.

Chachinayi, golide wambiri amene Bambo Mfumu ankadandaula kuti wada sanali golide. Pa maikulosikopu tinaona mizere itatu. Pansi pali golide weniweni pa dongo lake lofiira. Pamwamba pake pali utoto wamafuta wa zaka za m'ma 1800, wopakidwa mwaluso ndithu. Pamwamba penipeni pali penti wa m'chitini wa ufa wa mkuwa, amene amawala chaka chimodzi kenako n'kusanduka wobiriwira moderako, chifukwa mkuwa umachita dzimbiri pamene golide sachita. Wopakayo sanasiye ngakhale tsitsi la Mwana. Pamwamba pa zonsezi panali mwaye wa makandulo, madontho a phula, ndi vanishi wachikasu.

Chachisanu ndi chimene chinasintha maganizo anga pa ntchito yonse. Mu predella, mutu wa Yohane, mtumwi wopanda ndevu amene tsopano ali pafupi ndi tabenakulo, ndi wopukutika mpaka pamtengo, wosalala ndi wakuda ngati mpini wa khasu lakale. Poyamba ndinayesa kuti ndi kutha kwa zaka mazana asanu. Koma m'mphepete mwa malo opukutikawo mizere yonse itatu inadyeka pamodzi, ndi penti wamkuwa yemwe. Ndiye kuti kupukutikako kunayamba penti wotsirizayo atapakidwa kale. Nditafunsa, nkhani inamveka. Pambuyo pa Msonkhano wachiwiri wa Vatican, malangizo a Mpingo a 1964 atalimbikitsa guwa loima palokha, parishi inaika guwa latsopano kutsogolo n'kuchotsa kampanda kolandirirapo Ukaristia. Kuyambira pamenepo akhristu anayamba kufika pafupi ndi tabenakulo Misa ikatha. Amagwada, amapemphera, ndipo podzuka ambiri amasisita mutu wa Yohane. Ndinakhala pa benchi masana angapo ndi kudzionera ndekha. Mayi wina wachikulire anandipeza ndikuuyang'anitsitsa ndi galasi, n'kundifunsa mwaulemu: "Bambo, mukatikonzera, tidzaloledwabe kumugwira?"

Kusamvana

Pa msonkhano wa komiti ya parishi panatuluka maganizo atatu. Bambo Mfumu ankafuna golide watsopano paliponse. Katswiri wina wa ku nyumba yosungira zakale, amene ndimamulemekeza, anati retabulo isamukire kwawo, kumene chinyezi sichisintha, m'tchalitchi muikidwe yofanizira. Amayi a gulu la kolona sanalankhule za golide kapena chinyezi. Funso lawo linali lakuti Maria achoka miyezi ingati, ndipo kodi mwezi wa Meyi adzakhala atabwera.

Panalibe amene akanagamula yekha. Malamulo a Mpingo a 1983, pa kanoni 1189, amati zithunzi zamtengo wapatali chifukwa cha ukale, luso kapena ulemu umene anthu amazipatsa, zisakonzedwe popanda chilolezo cholembedwa cha mkulu wa dayosizi, amenenso ayenera kuyamba wafunsa akatswiri. Kanoni 1190 imaletsa kusamutsiratu chithunzi chimene anthu amachilemekeza kwambiri popanda chilolezo cha ku Roma. Ndipo malangizo a Misale ya Chiroma, pa nambala 303, amadziwa bwino matchalitchi onga ichi: guwa lakale losatheka kulisuntha popanda kuwononga luso lake likhale pomwepo, Misa izichitikira pa latsopano, ndipo lakalelo lisakongoletsedwe mwapadera. Chiganizo chotsirizachi chinandithandiza pa nkhani ya miphika ya maluwa kuposa mapepala anga onse a chinyezi.

Maganizo anga ndinawanena poyera. Katswiri uja ankanena zoona kuti kwawo chosemacho chikhalitsa. Koma retabulo ya m'nyumba yosungira zakale imaima yotsekula pansi pa magetsi osasintha, palibe wogwada, palibe Lenti, palibe Pasaka. Ndaziona zambiri zotero, ndipo zimandikumbutsa ng'oma yopachikidwa pakhoma. Kwa Bambo Mfumu ndinati golide watsopano pa choko chofooka adzagwa ndi choko chomwecho, ndipo kuti timuike tiyenera kukwirira kapena kupala golide wa wosema woyamba, amene akadalipo pa malo ambiri pansi pa penti. Ndinawatengera pamasitepe n'kuwaonetsa kamalo kakang'ono ngati chikhadabo kamene tinayeretsa pa mwinjiro wa Maria. Anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Kalata yopita kwa Ambuye Episkopi anailemba okha, ndipo mawu akuti kupakanso munalibe.

Tinagwirizana kuti retabulo ikhala m'tchalitchi, ntchito yambiri ichitikira pomwepo, ndipo Maria sachoka nthawi imodzi ndi anzake awiri aja.

Zimene tinachita

Tinayamba ndi makina otenthetsa, chifukwa kumata utoto mpweya uja ukupopabe n'kutunga madzi ndi dengu. Kamwa la pafupi ndi guwa linatsekedwa. Tinapempha kuti m'nyengo yozizira tchalitchi chizisungidwa pa madigiri 8 osazimitsa, pa Misa chisapitirire 13, ndipo kukwerako kusapose digiri imodzi pa ola. Cholinga chinali chakuti chinyezi chizikhala pakati pa 50 ndi 65 peresenti, koma chachikulu n'chakuti chisamalumphe. Ngalande ya madzi a padenga imene inkanyowetsa khoma inakonzedwa.

Tisananyamule chilichonse, malo onse otukuka tinawamata timapepala topyapyala ta ku Japan kuti asagwe m'njira. Tizilombo sitinatithire mankhwala. Predella, ziboliboli ndi mapiko tinazitsekera mosinthanasinthana m'matumba osalowa mpweya, n'kutulutsa okosijeni ndi nitrogen mpaka kutsika pansi pa theka la peresenti imodzi, kwa masabata anayi, m'chipinda chofunda kupitirira madigiri 20. Kufundako n'kofunika: mphutsi yozizidwa imapuma pang'ono ndipo imatha kupulumuka. Njirayi imapha mazira, mphutsi ndi akuluakulu omwe osasiya poizoni pa chinthu chimene anthu amachigwira, koma siteteza za mawa. Choteteza ndi thabwa louma.

Mtengo wofumbwa tinaulimbitsa ndi Paraloid B-72 (mtundu wa utomoni wa pulasitiki) yosungunula, kuilowetsa ndi jakisoni m'mabowo pang'onopang'ono. Tsinde la Barbara linamwa kwa masiku ambiri. Pamene mtengo unatheratu tinaikapo balsa, mtengo wofewa kuposa linden, kuti pakadzakhala kukankhana igonje ndi yatsopanoyo. Choko chotukuka tinachigoneka ndi guluu wa nsomba ya sturgeon, wofunditsa, kumulowetsa pansi pa kachidutswa kalikonse ndi kaburashi, n'kutsindira ndi kachitsulo kofunda. Ntchito imeneyi inatenga nthawi yoposa zina zonse pamodzi, ndipo palibe chokamba za iyo kupatula kuti msana umapweteka.

Apa ndipo ndinalakwitsa. M'kati mwa mwinjiro wa Maria ndinathira guluu yemweyo pa azurite, wamphamvu ngati amene ndinkagwiritsa ntchito pa golide, ndisanayese pambali. Azurite wosanyezimira ali ndi timipata ta mpweya pakati pa misere yake, ndipo ndi timipatato timene timamupatsa mtundu wake. Guluu anatitseka, pakauma panatsala banga lakuda lalikulu ngati chala chamanthu. Ndinachotsako ndi chinyontho ndi pepala lomwa madzi, linachepa koma silinathe. Kwina konse ndinasintha, n'kugwiritsa ntchito funori, guluu wa ndere za m'nyanja amene sasintha maonekedwe a utoto wotere. Bangalo lili m'khwinya la kumanzere, ndipo ndinalijambula ndi kulilemba m'mabuku a ntchitoyi kuti wodzabwera pambuyo panga asadzaganize kuti ndi la kale.

Penti wamkuwa tinamuchotsa yense, ndi mankhwala osungunula osakaniza ngati phala kuti asalowe pansi, ndi kampeni pansi pa galasi lokulitsa. Utoto wa m'ma 1800 tinauchotsa pa zovala zokha, pamene golide wapansi anali wokwanira. Pa nkhope tinausiya. X-ray inaonetsa kuti utoto woyamba wa nkhope ya Maria unatsala wochepa, ndipo nkhope imene ilipoyi ndi imene agogo a anthuwa anaipempherera. Kuichotsa kukanatipatsa zigamba za nkhope yakale ndi kulanda parishi mayi amene imamudziwa. Malo ogumuka tinawadzaza choko ndi guluu, n'kuwapaka utoto wamadzi mwa timizere tating'ono, njira imene inakhwimira ku Roma pansi pa Cesare Brandi, katswiri wa ku Italy wa kakonzedwe ka zinthu zakale. Ukaima pa benchi sungaone kusiyana. Ukafika pafupi umaona kuti apa ndi pathu, ndipo thonje lonyowa likhoza kuchotsa zonse. Chala chothyoka cha Katarina sitinachiseme chatsopano. Atumwi awiri ndi Khristu amene anadulidwa sitinawabwezere, tabenakulo inakhala pamalo pake.

Mutu wa Yohane tinaupukuta mafuta a m'manja, tinalimbitsa utoto wa m'mphepete kuti kudyekako kusafalikire msanga, tinapakapo phula lopyapyala loteteza, basi. Mnzanga amene tinkagwira naye ntchito ankafuna kuti tiike galasi kutsogolo kwa predella. Ndinakana, ndipo mpaka lero sitinagwirizane. Iye amati ndalola kuti chosema cha zaka 500 chizitha ndikuona. Zimenezo n'zoona.

Mapiko

Funso lotsiriza linali ngati mapiko angayendenso. Kutseka ndi kutsekula kulikonse kumagwedeza utoto, ndipo phiko lililonse limalemera kuposa munthu wamkulu. Tinachotsa zitsulo za kukhoma, tinalimbitsa chimango, ndipo mmisiri wa zitsulo anasula mahinjesi atsopano ogwira pa chitsulo chobisika kumbuyo kwa bokosi, kuti kulemera kusakhalenso pa thabwa lofumbwa lija. Mahinjesi akale tinawasiya pomwepo, osanyamula kanthu. Pansi pa nsonga ya phiko lililonse tinaika kochirikiza kamene limatsamirapo likatsekulidwa.

Zithunzi za masautso zinapezeka zosungika bwino kuposa china chilichonse, popeza wa penti wamkuwa uja sanazifikire. Zinangofuna kuchotsa fumbi ndi ndowe za mileme.

Tinalemba lamulo lalifupi n'kulipachika mu sakristiya. Mapiko aziyenda kawiri pa chaka, osapitirira. Azigwira anthu awiri, atavala magolovesi, pa zogwirira zimene tinaika, osati pa chimango chagolide. Asanasunthe aziyala pepala loyera pansi, akatha aziyang'ana ngati pagwa kanthu, ndipo chogwacho azichisunga mu envelopu n'kulembapo tsiku. Bambo Mfumu anasankha masikuwo: kutseka madzulo a Loweruka lolowa Lamulungu lachisanu la Lenti, pamene Misale imalola kuphimba mitanda ndi zithunzi, ndi kutsekula usiku wa Pasaka.

Chaka choyamba ndinapita kukaona, makamaka chifukwa cha mantha a mahinjesi. Kwa masabata awiri anthu anali atayang'ana Yesu wokwapulidwa pamalo pamene anazolowera kuona Maria, ndipo ndinamva kuti ena anadandaula, mmodzi mpaka kufunsa ngati tamugulitsa. Usikuwo tchalitchi chinali mumdima, makandulo okha m'manja mwa anthu. Atayamba Ulemu kwa Mulungu Kumwamba, mabelu akulira, mkulu uja ndi mnyamata wina anakoka mapiko pang'onopang'ono monga tinawaphunzitsira. Golide wokwechedwa sanapangidwire magetsi. Pa kuwala kwa makandulo ambirimbiri makwinya a mwinjiro ankaoneka ngati akuyenda, ndipo ndinamva anthu a m'mabenchi akutsogolo akukoka mpweya. Ine maso anali pa hinjesi ya kumanzere. Inagwira.

M'mawa mwake pa pepala panali tizidutswa tiwiri ta choko, tochokera m'mphepete mwa phiko la kumanja, ndipo ndinatibwezera tsiku lomwelo. Pa ulendo wanga wotsatira, patatha chaka, m'envelopu munali kamodzi. Mabowo onse akale a mu predella tinawatseka ndi phula kuti latsopano lidzaoneke msanga, ndipo sindinapeze lililonse. Chinyezi chakhazikika, kupatula sabata ya Khirisimasi, pamene wina anakweza makina chifukwa cha alendo. Ndalemberanso komiti za zimenezo. Miphika ya maluwa inasamukira pansi, pambali pa masitepe, ngakhale kawiri ndapeza kabotolo ka maluwa akutchire kataikidwa pa predella penipeni, pafupi ndi Yohane. Malo opukutika pamutu pake ndinawayeza ndi kuwajambula pa pepala loonekera. Ndidzawayezanso pakatha zaka zisanu, ndipo ngati afika pa maso, nkhani ya galasi tidzaikambanso ndi mnzanga uja.